Chaka Chimene Ndinkathirira Chitsulo

Ntchito yanga ku Pretoria inali ya m'gadeni, ndipo ndinkayenda modzimva chifukwa chilichonse chimene ndaika m'dothi chinkaphuka. Ndinkakhala ku Brooklyn, dera lina la mzindawo, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizungu, wamasiye, amene ndinawagwirira ntchito zaka zambiri. Ndinkawatcha Madamu monga amachitira aliyense kuno. Kumudzi ndinasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi. Ndinachoka mwanayo akuphunzira kumene kuyenda, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali atamaliza Fomu 4, atakhoza bwino, akudikira kumva ngati wasankhidwa kupita kusukulu ya ukachenjede. M'zaka zonsezo kumudzi ndinapitako maulendo osadzaza zala za dzanja limodzi. Anthu akamandinena kuti ndine mtchona ndinkapsa mtima. Ndinkati mtchona ndi munthu woiwala kwawo, pamene ine mabulangete, njinga ndi fizi ya mwana sizinkaphonya.

Masiku amenewo mayina a ana osankhidwa ankawawerenga pa wailesi, madzulo nkhani zikatha. Amene anakulira kwathu akukumbukira mmene zinkakhalira. Anthu ankaunjikana pa kawailesi kamodzi, wa chifuwa n'kumeza chifuwa chake, muulutsi akutchula dzina la mwana, dzina la bambo ake, kenako sukulu imene wachokera. Mafoni analipo kale, koma anali aja ongoimbira ndi kulemberana uthenga. Ndikanatha kungokhala phee kudikira kuti mkazi wanga andiimbire. Koma ine sindinkafuna za kuuzidwa. Ndinene chilungamo: ndinkafuna kumva ndi khutu langa dzina la mwana wanga, ndipo pambuyo pake dzina langa, likutuluka pakamwa pa munthu wa pa wailesi, dziko lonse likumva. Ndinkati tsiku limenelo onse ondinena aja adzadziwa kuti ku Joni sindinapitire masewera.

Ndinali ndi kawailesi ka mabatire, kotha utoto m'makona. Kankagwira masiteshoni a Chiafirikanzi, Chizulu ndi Chipedi mopanda vuto. Tsiku lina m'nyengo yozizira, dzuwa litangolowa, ndikupotoza kabatani pang'onopang'ono, ndinamva mawu achichewa. Anali kutali kwambiri, ngati munthu akulankhulira m'chitsime. Ndinangotolapo mawu atatu kapena anayi, okhudza mtengo wa feteleza, kenako phokoso linawameza. Ndinakhala nditagwira kawailesiko mpaka tiyi wanga anazizira. Ngati mawu atatu afika, ndinaganiza choncho, ndiye kuti dzina likhozanso kufika.

Ku Arcadia, pafupi ndi pokwerera matakisi, kunali mkulu wina wa ku Mangochi, Msilamu, amene ankakonza mawailesi ndi mafoni pa kathebulo. Kale ankagwira ntchito ya mawaya pa fakitale ya magalimoto ku Rosslyn. Tinkangoitanana kuti Achimwene. Loweruka masana ndinamupititsira kawailesi kanga n'kumufotokozera nkhani yonse.

"Eish, Achimwene," anatero akukoka kandodo konyezimira ka pamwamba pa wailesi, "inu mukufuna kukoka Malawi ndi kameneka? Aka n'ka masiteshoni a pompano. Za kutali zimalowera pa kachitsulo kakuda kamene kali m'mimbamu. Pezani waya wautali, muukweze m'mwamba. Mbali inayo muzungulize wailesi yonseyi kangapo, nsonga yake ikalowe m'dothi. Basi, finishi."

Pa zonse zimene ananena, ine ndinangonyamulapo liwu limodzi, lakuti wautali. Ndinagula waya kwa anthu ogulitsa zitsulo zakale, ndipo nditafika kunyumba ndinaimirira pabwalo kuyang'ana malo aatali kuposa onse. Anali pamwamba pa khoma lozungulira nyumba. Kumeneko kunali kale timitengo tachitsulo tonyamula mawaya a mpanda wamagetsi, ngati wina anandikonzeratu. Ndinayala waya wanga m'munsi mwake, osaukhudzitsa, chifukwa uchitsiru wanga sunafike pamenepo, ndipo ndinauyendetsa kuyambira kuseri mpaka ku geti. Madzulo ndinatsegula wailesi mtima uli m'mwamba. Chimene ndinamva ndi tha, tha, tha, mosalekeza, ngati mwana akumenya chitini ndi supuni. Ndinasintha mabatire. Ndinaimenya wailesi ndi chikhatho. Ndinayamba kunena kuti mkulu wa ku Mangochi uja wandionongera chinthu changa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phulalo sabata yathunthu.

Lamulungu lotsatira iye anabwera yekha kudzaona. Atangokweza maso pakhoma anaseka mpaka kugwira m'mawondo.

"Achimwene, mwagoneka mlendo pafupi ndi chigayo, ndiye mukudabwa kuti sakumva zimene mukunena? Mpanda uwu umalavula moto nthawi ndi nthawi. Waya wanu akumwa zimenezo. Muuchotse, upite kutali ndi khoma."

Ndinachita manyazi, ndipo pofuna kuoneka wodziwa zinthu ndinamufunsa kuti kwathu ndi mbali iti, kuti waya ndiulozetse komweko. Anaima pakati pa kapinga, n'kutembenuka pang'ono, n'kutambasula dzanja cha kumene kunali thanki ya madzi ya nyumba yoyandikana nayo.

"Ine ndikamaswali ndimayang'ana uku. Kwathu kuli chakumanja kwake pang'ono. Koma waya si mfuti yoti muloze nayo nyama. Waya ngofuna kutalika, kukwera, ndi mtendere. Choloza ndi wailesiyo. Muziitembenuza pathebulo pang'onopang'ono mpaka siteshoni ya kuno ichepe mphamvu."

Zaka zonse zija ndinkakhala pamalopo osadziwa kuti ndikamatchetcha kapinga kulowera ku thanki ndimakhala ndikuyang'ana kwathu. Zinandikhudza, koma sindinamuuze.

Pakati pa bwalo panali mtengo waukulu wa jakaranda, ndipo kuchokera pamenepo kukafika padenga la kachipinda kanga panali mtunda wabwino, kutali ndi makoma onse. Koma mtengowo sunali wanga. Ndinapita kwa Madamu chipewa chili m'manja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa za mphenzi, chifukwa mphenzi za kuno sizisewera. Ndinalonjeza kuti ndikangoona mitambo ndizimasula wayayo kuchipinda n'kuuponya kutali, ndipo mvula ikayamba ndidzautsitsa wonse. Anafunsanso ngati anthu oyandikana nawo aziuona. Ndinati ndigula wopyapyala, wa khungu lobiriwira. Pomaliza anafunsa kuti mwanayo akufuna kuphunzira chiyani, ndipo ndinati zaunamwino, ngakhale kuti sindinali wotsimikiza kwenikweni.

Kukwera mitengo ndinali nditasiya, mawondo atayamba kudandaula. Ndinamangirira mwala ku chingwe n'kumaponya. Mwalawo unabwerera kangapo, ulendo wina kuphonya mutu wanga pang'onong'ono, mpaka unadumpha nthambi imene ndinkaifuna. Kuti waya asakhudze mtengo, ndinadula kachidutswa ka paipi yakale yothiririra, n'kukabowola mbali zonse, uku chingwe uku waya. Patangopita masiku awiri okha, mphepo ya mu Ogasiti inagwedeza mtengo, waya n'kuduka. Ulendo wachiwiri ndinaikapo mphira ya chubu cha njinga kuti mtengo ukamavina, waya azivina nawo. Zimenezi sanandiuze munthu. Wosamalira mitengo amadziwa kuti chomangidwa molimba kwambiri ndiye chimayamba kuthyoka.

Za kuzunguliza waya pa wailesi zinandidyeranso masiku. Ndinkaganiza kuti kuchulukitsa ndiye kuchita bwino, choncho ndinaikulunga wailesi yonse ngati mtolo wa nkhuni. Masiteshoni a kuno analowa onse pakamodzi, wina akulalikira, wina akuulutsa mpira, onse pamalo amodzi. Ndinayamba kuchotsa mzere umodziumodzi, tsiku lililonse, ndikumvetsera. Nditatsala ndi mizere isanu, Chichewa chinatulukira.

Kuyambira pamenepo pafupifupi madzulo alionse ndinkamva kwathu. Masana kunkakhala zii, koma dzuwa likangopendeka mawu ankayamba kubwera. Ankakwera n'kutsika, ngati munthu amene akulankhula akuyenda, walowa kuseri kwa nyumba, watulukiranso mbali ina. Ndinamva nyimbo za makwaya. Ndinamva mauthenga a maliro a anthu osawadziwa, ndipo ndinkawamvera chisoni ngati abale. Ndinkasangalala, koma mtima sunakhazikike. Nyimbo ikazimirira pakati, umaimalizitsa wekha m'mutu. Dzina sungalimalizitse. Muulutsi amalitchula kamodzi kokha, ndipo likagwera pamene mawu atsika, lapita.

Ndinamuimbira mnzanga uja kumudandaulira.

"Nsonga ya pansi ija munaiika pati?" anafunsa.

"Ndinamangirira ku msomali, n'kukhomera pakhomo pomwepa."

"Dothi lake n'lonyowa?"

Ndinayang'ana pamene panali msomaliwo. Pakhomo panga panali pansi pa denga, pomwe mvula sifika, ndipo pansi pake panali zidutswa za njerwa ndi simenti zimene omanga anakwirira. Ine amene ndinkadziwa dothi la pabwalo limenelo kuposa mwini wake, ndinali nditabzala msomali pamalo amene sindikanabzalapo ngakhale khonje. Kuzizira kwa ku Pretoria n'kouma, miyezi imatha osagwa ndi dontho lomwe, dothi limalimba ngati mbale.

Apa tsono nkhani inalowa m'munda mwanga. Kuseri kwa kachipinda kanga, pafupi ndi dzenje la manyowa, kunali mpopi umene unkadontha chaka chonse. Dothi la pamenepo linali lofiira, lofewa, la nyongolotsi zambiri. M'galaja munali paipi yamkuwa yotsala pamene ankasintha giza, thanki yotenthetsera madzi, yaitali kufika m'chiuno mwanga. Ndinaipempha, ndinaipala mpaka kuwala, ndinaikhomera pansi kungotsala kansonga, n'kumangirirapo waya molimba ndi kabawuti. Kenako ndinachita zimene ndimachita ndi mbande iliyonse. Ndinakonza kabeseni kuzungulira, ndinaphimbira ndi masamba ouma kuti chinyezi chisathawe, ndipo tsiku lililonse cha m'ma folo ndinkabwera ndi kheni yodzaza.

Madamu anandipeza tsiku lina ndikuthirira. Anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana kansonga ka paipi kali pakati pa masamba.

"Chimenechi chidzachita maluwa mwezi wanji?" anafunsa nkhope ili gwa, ngati akufunsa za maluwa enieni.

Ndinati akadekha aona. Koma zoona zake, kusintha ndinakumva madzulo oyamba omwe. Mawu anakhuthala. Phokoso la mchenga lija linatsika, ndipo ndinkatha kusiyanitsa mawu a muulutsi wamkulu ndi a wamng'ono. Pa ntchito zonse zimene ndinagwira pabwalo lija, palibe imene inandikondweretsa ngati imeneyi.

Kenako ndinayamba kusaka adani ang'onoang'ono. Ndinkayenda ndi wailesi m'manja ngati wosaka mbewa, kumvetsera pamene phokoso likukulira. Babu la m'chipinda changa, lija losunga magetsi, linkalira ngati udzudzu. Tchaja cha foni chinkachita chimodzimodzi. Pampu ya dziwe losambiramo inkang'ung'udza, ndipo ndinasintha nthawi yake kuti izigwira m'mawa. Zonse zitatha, kunatsala mdani mmodzi, wamkulu uja. Tha, tha, tha wa mpanda anali atachepa, koma analipobe, ndipo ankaluma mawu pakati. Ngakhale magetsi a mzinda akazima, mpandawo unali ndi batire lake.

Lachiwiri lina uthenga wa mkazi wanga unafika m'mawa: akuti mayina awerenga mawa. Tsiku limenelo ndinadulira maluwa olakwika. Ku Brooklyn, kupempha munthu kuti azimitse mpanda dzuwa likulowa n'chimodzimodzi kumupempha kuti agone chitseko chili pululu, makamaka mayi wokalamba wokhala yekha. Ndinazungulira nyumba kawiri ndisanagogode pakhomo la kukhitchini. Madamu atamva pempho langa anayang'ana pawindo.

"Ola limodzi," anatero. "Ndipo ndidzakhala nanu panja pomwepo. M'nyumba ndekha mpanda uli wozimitsa sindingathe."

Tsiku lowerenga mayinalo ndinathirira paipi yanga kawiri. Mnzanga wa ku Mangochi anatseka kathebulo kake msanga n'kubwera ndi mabatire atsopano. Dzuwa litalowa anayala kansalu kake pa kapinga n'kuswali, kenako anadzakhala pa chidebe chovundikira. Madamu anazimitsa mpanda n'kubwera atadzifundika bulangete, kabatani koitanira alonda kali m'manja, n'kukhala pa mpando umene ndinawatulutsira. Sankadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa. Wailesi inali pa kathebulo pakhomo, itatembenuzidwa mmene ndinkaitembenuzira, ndipo kwa nthawi yoyamba tha, tha uja kunalibe. Kunkangomveka kakutali ka mpanda wa nyumba ina.

Nkhani zitatha, muulutsi anatsokomola n'kuyamba. Mawu ake anamveka ngati ali m'chipinda chomwecho. Anawerenga mayina ambirimbiri, a ana a eni, ochokera m'masukulu amene ena ndinali ndisanawamvepo. Pena mawu ankatsika, ine mtima n'kutsika nawo, mnzanga n'kutembenuza wailesi pang'ono ndi nsonga za zala. Ankabwereranso. Madamu ankangoyang'ana nkhope yanga.

Ndiye linabwera. Dzina la mwana wanga, mayina ake onse awiri, lachikhristu ndi lakumudzi, omveka bwino lomwe. Ndinayamba kudzuka. Dzina lotsatira silinali langa. Kenako muulutsi anatchula sukulu, ndipo inali sukulu yake yomweyo, ya kwathu. Dzina la pakati lija ndinkalidziwa bwino. Linali la alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, amene nyumba yawo ili moyang'anizana ndi yathu kumudzi.

Ndinakhala theka nditaima, theka nditakhala. Mnzanga, amene ankadziwa dzina langa, anandiyang'ana.

"Si ameneyu, Achimwene?"

"Ndi yemweyo," ndinatero.

Anayang'ana pansi. Madamu anafunsa ngati mwana wasankhidwa, ndipo nditavomera anaomba m'manja, kabatani kaja n'kugwa pa kapinga. Anandigwira dzanja kundiyamikira, n'kuthamangira m'nyumba kukayatsa mpanda wawo. Ndinali wokondwa, zimenezo zisakayikitse munthu. Koma pansi pa chimwemwecho panali kuwawa kumene sindinakumvepo chibadwire, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikumva kuwawa pa tsiku la mwana wanga.

Mnzanga atapita kukakwera takisi, ndinaimba kumudzi. Kumbuyo kwa mawu a mkazi wanga kunkamveka nthungululu ndi ana akuthamanga. Ndinamulola amalize kukondwa kwake, kenako ndinafunsa za dzina, ndikuyesetsa kuti mawu anga asakwere.

"Iii, bambo ake, imeneyo ndi nkhani yakale," anatero modekha. "Tsiku lokamulembetsa Sitandade 1 ine ndinali chigonere, anamuperekeza ndi achimwene. Aphunzitsi atafunsa dzina la bambo, mwana anangoyang'ana amene anamugwira dzanja. Analemba limenelo, ndipo lakhala lomwelo."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Silinabisidwe. Lili pa lipoti lililonse la kusukulu, ndipo malipoti onse ali m'sutikesi. Inu mukaimba mumafunsa ngati katundu wafika."

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, onena za thukuta langa ndi kuzizira kwa ku Joni. Palibe ndi limodzi lomwe limene linatuluka, chifukwa mayiyu sankakangana nane, ankangonena zimene zinalipo. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinafunsapo kuti mwana wakhala nambala chani m'kalasi. Sindinalipeze.

Kenako foni inasintha manja.

"Ababa, mwamva?"

"Ndamva, mwana wanga. Ndamva bwinobwino, ngati ndili pakhonde pomwepo. Wandisangalatsa kwambiri."

"Amayi amati mwakhala mukumanga mawaya m'mitengo. Ndimaopa kuti mwina simundizindikira."

Ndinati mwana wako sungamuphonye. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamkulu kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndinamufunsa kuti wasankhidwa kukaphunzira chiyani, chifukwa pamene muulutsi ankatchula maphunziro a gulu lake mawu anali atatsika, ndipo anati zaulimi. Tinakambirana pang'ono za nsapato ndi chikwama. Kenako ndinamva kuti akuchoka pagulu, chifukwa nthungululu zija zinatalikira.

"Ababa, aphunzitsi anatiuza kuti tikasankhidwa kubwera mafomu. Pali malo olemba kholo kapena wokuyang'anira, woti aziitanidwa kukachitika kanthu. Ndilembe ndani?"

Ndinkalakalaka kunena kuti alembe ine. Liwulo linafika pakamwa penipeni. Koma ndinaganiza za basi ya masiku awiri, za mizere ya pamalire, za mwana atagona m'chipatala cha m'tauni yachilendo akudikira munthu wochokera ku Pretoria.

"Lemba amalume ako," ndinatero. "Ndi amene angafike tsiku lomwelo."

"Chabwino, Ababa," anayankha, ndipo sanachedwe n'komwe kuyankha.